Sikirini ikamaphethira pa laputopu yakale: kuthetsa vuto la hardware acceleration kuno ku chigwa cha Shire

Malaputopu ambiri amene amagwira ntchito m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata kuno ku chigwa cha Shire, kuyambira pa Dyeratu kudutsa Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, ndi a kaunjika, ndipo ochuluka mwa iwo anapangidwa zaka zoposa khumi zapitazo. Pa ntchito yolemba ndi kuwerengetsa ndalama makina amenewa sadandaulitsa, koma ali ndi matenda amodzi amene amapita n'kubweranso. Lero vidiyo ikusewera bwinobwino, mawa mawu okha ndiwo akumveka pamene chithunzi chasanduka chobiriwira. Tsiku lina zenera la Chrome likutsekuka lakuda bii, kapena zilembo za mu Word zikuoneka zothyokathyoka, kapenanso sikirini ikuthima kwa kamphindi n'kuyakanso ndi uthenga wakuti "Display driver stopped responding and has recovered". Mwini wake akatopa amapita nayo kukafomatitsa, n'kulipira, koma pakangotha sabata vuto labwerera pomwe linali.

Zizindikiro zonsezi nthawi zambiri zimakumana pa chinthu chimodzi chotchedwa hardware acceleration. Mu laputopu muli purosesa, imene imagwira ntchito ya mtundu uliwonse, ndiponso muli chipu cha zithunzi, chimene chinapangidwira kujambula zooneka pa sikirini ndi kumasula mavidiyo mofulumira popanda kudya moto wambiri. Pulogalamu ikamasiyira chipu chimenechi ntchito yojambula m'malo mosenzetsa purosesa, ndiyo hardware acceleration imeneyo, monga mmene mlimi wa thonje amakwezera katundu wake pa ngolo ya ng'ombe m'malo momusenza pamutu. Pakati pa pulogalamu ndi chipu pamaima diraiva, kapulogalamu kamene kamamasulira zofuna za mbali imodzi kuti mbali inayo imve. Chimene chimachititsa kuti zinthu zisamadalirike ndi chakuti Chrome, Firefox, Office ndi Windows zimasinthidwa kawirikawiri, pamene chipu cha 2010 ndi diraiva wake anaima pomwe opanga anawasiyira, choncho zimene zinkagwirizana mwezi watha zikhoza kusemphana mwezi uno popanda inu kukhudza chilichonse.

Langizo lofala ndi lakuti munthu angothimitsa hardware acceleration paliponse. Limathandizadi, koma kuno kwathu lili ndi mtengo wake, chifukwa katundu yense amabwerera pamutu pa purosesa, purosesa imatentha, ndipo m'mwezi wa Okutobala pa Ngabu kutentha ndiko kumapha makina. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwapeza gwero la vuto, kenako n'kuthimitsa pokhapokha pamene pakufunikadi.

Dziwani chipu chimene muli nacho

Dinani kiyi ya Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, kenako tsegulani tsamba la Display. Pamenepo muona dzina la chipu, tsiku la diraiva wake, ndiponso mzere wa Driver Model. Dzina limeneli limakuuzani msinkhu wa makina anu. Intel GMA 950 ndi ya cha m'ma 2005 ndi 2006, GMA X3100 ndi ya 2007, GMA 4500MHD ndi ya 2008, HD Graphics 3000 inabwera mu 2011 ndi mapurosesa a m'badwo wachiwiri monga i5-2520M, HD 4000 inatsatira mu 2012, ndipo HD 4400 mu 2013. Mukaona dzina lakuti Microsoft Basic Display Adapter, dziwani kuti diraiva weniweni wa chipu chanu mulibe, ndipo Windows ikujambula zonse ndi purosesa. Zimenezi zimachitika kwambiri laputopu ikangofomatidwa kumene popanda intaneti. Zikatero musavutike ndi zina zonse musanaike diraiva.

Anthu ena amadandaula kuti mu Task Manager ya Windows 10 sakuona gawo la GPU, lomwe ndi dzina lachidule la chipu cha zithunzi, n'kumaganiza kuti chipu chafa. Gawo limenelo limaoneka pokhapokha mzere wa Driver Model uja ukaonetsa WDDM 2.0 kapena kuposerapo, ndipo machipu monga HD 3000 ndi HD 4000 safika pamenepo. Kusaoneka kwake si matenda.

Musanataye bandulo kukopera madiraiva, tsimikizani kaye kuti chipucho chili moyo. Yatsani laputopu n'kulowa mu BIOS, sikirini yosinthira zoikika za makina imene imatseguka Windows isanayambe, kawirikawiri podina F2, F10 kapena Esc malinga ndi mtundu wake. Ngati mizeremizere, timabokosi ta mitundumitundu kapena kuphethira zikuoneka ngakhale mmenemo, pamene Windows sinayambe n'komwe, vuto si la pulogalamu iliyonse. Kenako lumikizani laputopuyo ku TV kapena sikirini ina kudzera pa VGA kapena HDMI. Chithunzi chikakhala choyera pa TV koma chowonongeka pa laputopu, wolakwa ndi sikirini kapena kachingwe kake kodutsa m'mahinji, makamaka ngati chithunzi chimasintha mukamapendeketsa chivindikiro. Chikawonongeka mbali zonse ziwiri, kaikirani chipu kapena RAM, imene ndi memori ya makina. Machipu a Intel a m'malaputopu amenewa alibe memori yawoyawo, amabwereka ku RAM ya makina, choncho RAM yodwala imaonetsa zizindikiro zofanana ndi chipu chodwala. Lembani mdsched pamalo pomwe munalemba dxdiag kuti Windows iyese RAM, ndipo ngati muli timitengo tiwiri ta RAM, yesani kamodzikamodzi.

Pali gulu limodzi la makina limene mbiri yake ndi yodziwika. Machipu a Nvidia GeForce 8400M ndi 8600M, amene anaikidwa m'malaputopu ambiri a HP, Dell ndi Apple cha m'ma 2007 ndi 2008, anali ndi chilema pa timfundo tolumikiza chipu, timene timasweka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, ndipo kampani ya Nvidia inavomereza vutoli mu 2008. Amisiri ena amawotcha chipu chotere ndi mpweya wamoto, laputopu n'kudzukadi. Kudzukako sikukhalitsa, chifukwa chilemacho chili mkati mwa chipu, choncho ndalama imene mungalipire pamenepo muiwerenge ngati yogulira nthawi yokwanira kusamutsa mafayilo anu.

Kutentha kwa kuchigwa

Opanga malaputopu ambiri amalemba m'mabuku a makina awo kuti agwiritsidwe ntchito pamalo posapitirira madigiri 35. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana kumaposa pamenepo. Izi zikutanthauza kuti laputopu yanu imayamba ntchito itadutsa kale malire amene anaipangira. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe, phulusa la nzimbe zootchedwa limene limagwa m'madera ozungulira Nchalo nthawi yodula, ndi ulusi wa thonje, zonsezi zikukokedwa ndi fani n'kukaundana kuseri kwa timano ta mkuwa potulukira mpweya mpaka kupanga kachigamba ngati bulangete.

Kuyambira pa mapurosesa a 2011, chipu cha zithunzi cha Intel chili pa kachidutswa kamodzi ndi purosesa, ndipo ziwirizi zimagawana kutentha kumodzi. Kutenthako kukayandikira madigiri 100, makina amadzichepetsera liwiro kuti asapse. Apa ndiye pamene vidiyo imayamba kudukaduka. Windows nayo ili ndi lamulo lakuti chipu cha zithunzi chikakhala pafupifupi masekondi awiri osayankha, imamudzutsanso diraiva, ndipo ndiko kuthima kwa kamphindi kuja. Zikakanika, pamabwera sikirini ya buluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, nthawi zina pamodzi ndi dzina la fayilo monga igdkmd64.sys ya Intel, nvlddmkm.sys ya Nvidia kapena atikmpag.sys ya AMD.

Chizindikiro chosavuta chosonyeza kuti kutentha ndiko kukuyambitsa ndi nthawi. Ngati m'mamawa zonse zili bwino koma cha m'ma 1 koloko masana vuto layamba, kapena ngati vidiyo imayamba bwino n'kuyamba kudodoma pakatha mphindi khumi, musathamangire kusintha diraiva. Ikani kapulogalamu kakang'ono monga HWMonitor kapena Core Temp n'kuona madigiri pamene vidiyo ikusewera. Akamakhala m'ma 90 kupita m'mwamba, laputopu ikufunika kutsegulidwa, kachigamba ka fumbi kachotsedwe, ndipo phala louma limene lili pakati pa purosesa ndi mkuwa lipukutidwe n'kupakapo thermal paste yatsopano. Kupopera mpweya kuchokera kunja kokha kumangokankhira fumbi mkati. Phalalo silipezeka paliponse kuno, choncho wina akamakwera ku Blantyre kapena ku Limbe ndi bwino kumutuma, ndipo musalole kuti m'malo mwake apake mankhwala otsukira mano, chifukwa amauma msanga. Mukamagwira ntchito, ikani laputopu pa thebulo, mutaikweza kumbuyo ndi kathabwa kuti mpweya uzidutsa pansi, osati pa mkeka, pa matiresi kapena pamiyendo.

Tchaja nayonso iyang'aniridwe. Malaputopu ena, makamaka a Dell, akalephera kuzindikira tchaja kapena akapeza kuti ndi ya mphamvu yochepa, amachepetsa dala liwiro la purosesa. Ngati vuto limabwera pokhapokha magetsi akathima ndipo muli pa batire kapena pa sola, onani mu Power Options, chifukwa dongosolo losunga moto limachepetsanso mphamvu ya chipu cha zithunzi.

Diraiva

Pa makina akale, diraiva watsopano kwambiri si amene amakhala wabwino nthawi zonse. Intel sinatulutse diraiva wovomerezeka wa Windows 10 wa HD 3000 ndi machipu akale kuposa pamenepo, ndipo amene amagwira ntchito pa makina otere ndi wochokera ku nthawi ya Windows 7 ndi 8. HD 4000 ili naye wa Windows 10, ngakhale kuti naye anasiya kukonzedwa. Ngati vuto linayamba Windows itangodzisintha, tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters, sankhani Properties, kenako Driver, n'kudina Roll Back Driver. Batani limenelo likakhala lozimiririka, pitani pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, lembani nambala ya mtundu wake yolembedwa pansi pa makina, n'kukopera diraiva wa zithunzi womaliza amene anatulutsa, ngakhale atalembedwa kuti ndi wa Windows 7 kapena 8. Diraiva wa wopanga laputopu amaposa wa Intel kapena AMD wamba makamaka pa makina okhala ndi machipu awiri osinthana, monga a Nvidia Optimus amene anayamba mu 2010, ndipo pa makina otere muyambe kuika wa Intel, wa chipu chachiwiricho pambuyo. Ngati munayesapo madiraiva angapo mosanjikiza, chotsani onse ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller muli mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi madiraiva ofunikira okha, musanaike amene mwasankha. Mukapeza amene wakhazikika, musungeni pa fulashi, chifukwa tsamba lake likhoza kuchotsedwa tsiku lililonse, ndiponso simungafune kugulanso bandulo ya chinthu chomwecho. Mapulogalamu olonjeza kukonza madiraiva onse ndi batani limodzi apeweni.

Sikirini ikangouma muli pakati pa ntchito pa Windows 10, dinani pamodzi kiyi ya Windows, Ctrl, Shift ndi B. Makina amalira kamodzi n'kudzutsanso diraiva, ndipo nthawi zambiri mumapulumutsa zimene munali musanasunge.

Kuthimitsa pulogalamu imodzi imodzi

Makina akakhala ozizira ndipo diraiva ali bwino koma pulogalamu imodzi ikuvutabe, apa ndiye poyenera kuthimitsa, mu pulogalamu yokhayo basi. Mu Chrome kapena Edge, pitani pa Settings, kenako System, n'kuthimitsa "Use graphics acceleration when available", imene m'mabaibulo akale inkalembedwa "Use hardware acceleration when available", kenako tsekani bulawuza n'kuitsegulanso. Ngati zenera ndi lakuda moti simungaone poti mudine, dinani kumanja pa kachizindikiro ka Chrome pa desikitopu, sankhani Properties, ndipo kumapeto kwa mzere wa Target siyani mpata umodzi n'kulemba --disable-gpu. Mu Firefox, pansi pa Settings pali gawo la Performance, pomwe mumachotsa kaye chizindikiro pa "Use recommended performance settings" kuti bokosi la hardware acceleration lionekere. Kutsegula Firefox mutagwira Shift kumailowetsa mu Troubleshoot Mode, mmene acceleration imakhala yothima, ndipo ndi njira yachangu yoyesera musanasinthe kanthu. Mu Word, Excel ndi PowerPoint za 2013 ndi 2016, pitani pa File, Options, Advanced, n'kuchonga "Disable hardware graphics acceleration" pansi pa Display. Mu Office kuthimitsako sikulemetsa purosesa kwenikweni, choncho musazengereze.

Mukalemba chrome://gpu pamalo polemba adiresi, Chrome imakuonetsani ntchito zimene ikupatsira chipu ndi zimene ikugwira ndi purosesa, ndipo mu Firefox zomwezo zili pa about:support. Mabulawuza amenewa amasunga mndandanda wa machipu ndi madiraiva odziwika kuti amavuta, ndipo akapeza anu ali pamenepo amathimitsa okha acceleration osakuuzani. Ena amalangiza kukakamiza poyatsa "Override software rendering list" mu chrome://flags. Mukhoza kuyesa, koma kumbukirani kuti chipu chanu sichinalembedwe pa mndandandawo mwangozi, ndipo zenera likada mubwerere ku --disable-gpu kuti muthe kubweza. Amene mukadali pa Windows 7 kapena 8.1 dziwaninso kuti Chrome inaima pa 109 mu Januwale 2023 ndipo Firefox inaima pa 115 ESR, choncho kudikira kuti bulawuza yatsopano idzakonze vuto lanu n'kudikira madzi a mphutsi.

Vidiyo imene chipu sichiidziwa

Pali vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi onse tatchulawa, pamene palibe chawonongeka. Chipu cha zithunzi chimamasula mitundu yokhayo ya mavidiyo imene chinaphunzitsidwa popangidwa. Machipu a Intel a 2011 mpaka 2013 amadziwa bwino mtundu wotchedwa H.264. HEVC, imene mafoni ambiri atsopano amajambulira, inayamba kumasulidwa mokwanira ndi mapurosesa a m'badwo wachisanu ndi chimodzi mu 2015, VP9 ndi a m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ndipo AV1 ndi a m'badwo wa 11 mu 2020. YouTube imakonda kutumiza VP9 ndi AV1. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale hardware acceleration ili yoyaka ndipo diraiva ali bwino, laputopu ya 2012 imamasula vidiyo ya YouTube ndi purosesa, fani n'kumalira ngati chigayo, pamene filimu ya pa fulashi ya kukula komweko ikusewera mwakachetechete. Munthu woona zimenezi amanamizira netiweki.

Kuti mutsimikize, dinani kumanja pa vidiyo ya YouTube n'kusankha "Stats for nerds". Pa mzere wa Codecs mukaona vp09 kapena av01, chipu chanu chakale chikungoonerera, pamene avc1 ndiyo H.264. Pomwepo pali chiwerengero cha mafuremu otayika, chimene chimakuuzani ngati makina akulephera ngakhale netiweki ili bwino. Mankhwala ake ndi kachowonjezera ka bulawuza monga h264ify kapena enhanced-h264ify, kamene kamapempha YouTube kuti itumize H.264, ndipo kali ndi poletsera mavidiyo a mafuremu 60 pa sekondi, amene amalemera kwambiri. Apa acceleration iyenera kukhala yoyaka, apo ayi phindu lake palibe. Dziwani kuti H.264 imadya bandulo yochulukirapo kuposa VP9 pa chithunzi chofanana, koma pa sikirini ya 1366 ndi 768, imene malaputopu ambiri akalewa ali nayo, kuonera pa 480p kapena 720p n'kokwanira, ndipo 1080p ndi kungowotcha makina ndi ndalama.

Vidiyo ya ukwati kapena ya msonkhano yojambulidwa ndi foni yatsopano ikamakana kusewera bwino, kawirikawiri ndi HEVC. Isandutseni kamodzi kukhala H.264 ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake, ndipo ntchitoyo muigwire usiku kapena m'bandakucha, chifukwa imakoka purosesa ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali. Mu VLC, chithunzi chikakhala chobiriwira kapena chosweka, pitani pa Tools, Preferences, Input / Codecs, n'kusintha Hardware-accelerated decoding. Yesani kaye DXVA 2.0, imene imagwirizana bwino ndi madiraiva akale, musanafike pa Disable, ndipo pa tsamba la Video mukhoza kusankha Direct3D9 ngati Output.

Amene munaika Linux kuti makina akale apepuke, lamulo la glxinfo -B likaonetsa llvmpipe ndiye kuti purosesa ndiyo ikujambula zonse, ndipo vainfo imasonyeza mitundu ya mavidiyo imene chipu chikumasula. Machipu a Intel akale kuposa a 2014 amafuna diraiva womasulira mavidiyo (VA-API) wotchedwa i965, amene pa Ubuntu ndi Linux Mint ndi i965-va-driver, osati intel-media-driver. Mu 2022 Mesa 22.0, phukusi la madiraiva a zithunzi a Linux, inachotsa madiraiva angapo akale, ndipo machipu kuyambira X3100 mpaka HD 4400 tsopano amayendera wotchedwa crocus. Ngati munalemba nomodeset kuti makina ayake pa tsiku loika Linux, muichotse pambuyo pake, chifukwa ikakhalapo acceleration siigwira.

Pali makina ena amene palibe njira ingawasinthe. Timalaputopu tating'ono ta Atom tokhala ndi GMA 500 kapena GMA 3600 tili ndi chipu cha PowerVR chimene madiraiva ake sanakhalepo odalirika, ndipo GMA 3600 inangopatsidwa wa Windows 7 ya 32-bit. Chimodzimodzi GMA 950, imene inaima pa DirectX 9. Makina otere asiyireni ntchito yotayipa, kusindikiza ndi kusunga maakaunti, acceleration itathimitsidwa mu bulawuza ndi mu Office, ndipo mavidiyo muzionera pa foni, imene chipu chake n'chatsopano kuposa cha laputopuyo. Tsiku limene mudzafune kugula ina ya kaunjika, funsani wogulitsa akutsegulireni dxdiag, muone nambala ya purosesa: pa i5-7200U, 7 woyambayo ndiye m'badwo, ndipo kuyambira pamenepo VP9 imamasulidwa ndi chipu. Mupemphenso kuti vidiyo isewere kwa mphindi makumi awiri muli pomwepo, dzanja lanu lili potulukira mpweya.